Samagwa Sanagwe, Wagwada

Kuseri kwa mapiri a Musaloze, mukawoloka mtsinje wa Ndamva, kuli dziko lotchedwa Tavomera. Ndi dziko labwino ndithu. Mvula imagwa pa nthawi yake, ndipo ikachedwa, nduna yoona zanyengo imalengeza kuti yagwa, anthu n'kupita kukadzala. Wolamula dzikoli ndi Mfumu Nditamandeni, imene anthu ake amaitcha Mwini Dziko. Mfumuyi imakonda zinthu ziwiri, kugwadiridwa ndi masewera a nkhonya. Chachitatu, chimene imachikondako zikakhala kuti ziwiri zija zilipo kale, ndi mphwake, mwana wa mlongo wake.

Mnyamatayu anabadwa ndi dzina lina, koma palibe amalikumbuka. Tsiku limene anayamba nkhonya, Mfumu inamutcha Samagwa, ndipo dzinalo linalengezedwa ndi ng'oma m'misika yonse. Ku Tavomera dzina lochokera kunyumba yachifumu ndi lamulo. Amene Mfumu yamutcha Wanzeru amakhala wanzeru basi, ngakhale azimwa thobwa ndi foloko. Choncho Samagwa sankagwa. Anamenyana ndi anthu ambirimbiri, ndipo onsewo ankadzigwetsa okha mwaulemu ndime yachiwiri isanathe, ena nkhonya isanawafike n'komwe. Lamba wa ukatswiri wa dziko lonse anakhalitsa m'chiuno mwake mpaka anachita kumuboola mabowo ena, poti mimba inkapita patsogolo chaka ndi chaka.

Kwa inu amene simuonera nkhonya, kaweruzidwe kake n'kosavuta. Oweruza amakhala atatu m'mphepete mwa bwalo. Ndime iliyonse ikatha, amene wamenya bwino amam'patsa mapointi teni, mnzakeyo naini. Wina akagwetsedwa amam'chotseranso imodzi, n'kutsala ndi eyiti. Akagwa n'kulephera kudzuka mpaka refa kuwerenga kufika teni, ndiye kuti zake zada, masewera athera pomwepo. Akafika kumapeto onse ali moyo, oweruza amaphatikiza mapointi aja. Mwana wa pulayimale angathe. Koma ku Tavomera ntchitoyi anaipereka kwa akuluakulu atatu ophunzira kwambiri, mkulu wawo a Mwanenadi, ndipo mipando yawo anaiika mwanzeru zakuya: yonse inafulatira bwalo n'kuyang'ana kumene imakhala Mfumu. A Mwanenadi ankati nkhonya imaoneka bwino pankhope ya Mwini Dziko.

Zinthu zinkayenda bwino chomwecho mpaka anthu aulemu okamenyana ndi Samagwa anatha. Akunyumba yachifumu anafunafuna, n'kukapeza Bizwiki Kamtedza, bambo wonyamula matumba mumsika wa Nong'onezani, amene anzake ankamutcha Nyundo.

Bizwiki sanali mwana. Anakulira m'mabwalo a fumbi akumaboma, kumenyana pamaso pa anthu okhala m'mitengo, ndipo diso lake lamanzere linali litayamba kuona zachifunga. Dokotala anali atamuuza kale kuti disolo latsala ndi nkhonya zowerengeka. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha asanapachike magolovesi: lamba uja amuzungulire m'chiuno, ngakhale kamodzi.

Nthumwi ya Mfumu itabwera kudzamuitana, inamutengera pambali n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Mwambo wake mukuudziwa, eti?"

"Ndikuudziwa, bwana," anatero Bizwiki. Iye ankaganiza kuti akunena zosamenya munthu m'munsi mwa mchombo.

Tsiku la nkhonya bwalo linadzaza, dzuwa lili pamutu. Belu litalira, Samagwa anaponya chibakera chake cha masiku onse, chija chofewa ngati mkate wonyowa, n'kuima kudikira kuti mnzakeyo agwe. Mnzakeyo anangomuyang'ana. Anaponyanso china, n'kutsokomolako kuti munthu akumbuke mwambo. Pamenepo Nyundo anabweza. Inali ya kudzanja lamanja, pachibwano penipeni, ndipo mphwake wa Mfumu anapita pansi, khu!

Bwalo lonse linangoti zii. Oweruza, poti anali atafulatira, anangomva kugunda kumbuyo kwawo, n'kumwetulira poganiza kuti zachitika monga mwa masiku onse. Ataona nkhope ya Mfumu, kumwetulira kuja anakumeza.

Refa anayamba kuwerenga. Anati "wani," n'kupita kukafunsa Mfumu ngati mthunzi ukuikwanira. Anabwerera n'kuti "thuu," n'kuwerama kumanga chingwe cha nsapato. Atafika pa folo anati waiwala pomwe anasiyira, ndiye anayambiranso kuti pasakhale wodandaula. Samagwa anadzuka atapuma mokwanira. M'ndime yachisanu anapitanso pansi. M'ndime yomaliza anapita kachitatu, ulendo uno chagada, miyendo m'mwamba, ndipo belu linalira nthawi isanakwane chifukwa woliza belu nayenso ali ndi ana.

A Mwanenadi anaimirira kulengeza zotsatira. Oweruza onse atatu, anatero, agwirizana kuti ndime zonse khumi ndi ziwiri wapambana ndi Samagwa, teni kwa naini.

Anthu a ku Tavomera anaomba m'manja, poti asilikali anali kuwayang'ana. Koma atangotuluka pachipata anamunyamula Bizwiki pamapewa mpaka kumsika, diso lili lotupa, m'chiuno mulibe kanthu. Ndinene zoona, anthu amenewa anali asanasangalalepo chotero. Amayi ogulitsa tomato anavina mpaka kuponda malonda awo.

M'msika wa Nong'onezani muli shedi ya a Chikapa, ometa tsitsi, mkulu wa imvi amene lumo lake limayenda pang'onopang'ono kuposa pakamwa. Nkhani zonse za dziko zimametedwera pamenepo.

"Ine maso angawa ndi okalamba," anatero a Chikapa m'mawa mwake, akunola lumo. "Ndinaona ngati munthu wagwa katatu. Koma poti ophunzira ati sanagwe, mwina nthaka ndi imene inadumpha n'kukam'menya kumsana."

"Nthaka yake ndi yamwano," anayankha wometedwayo. "Aimange."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamveka mpaka kunja kwa msika. Apa m'pamene panali vuto. Ku Tavomera kung'ung'udza n'kololedwa bola kusamveke. Sabata isanathe, ana anali atayamba masewera atsopano m'misewu, wina kugona chagada, anzake kumuveka chingwe m'chiuno. Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna.

"A Mwanenadi," inatero Mfumu, nkhope ili gwa, "ndamva kuti msika ukunena kuti mphwanga anagwa. Inenso, kunena mwachinsinsi, ndinaona china chake chofanana ndi zimenezo. Kodi dzina limene ndinam'patsa ine linali bodza?"

Nduna zonse zinayang'ana pansi. Funso limeneli linalibe khomo lotulukira. Kunena kuti anagwa n'kutsutsa dzina lachifumu, kunena kuti sanagwe n'kutsutsa maso achifumu. Koma a Mwanenadi sanafike pa mpando wawo chifukwa chodziwa nkhonya. Anagwada, anaomba m'manja katatu, ndipo ali chigwadire chomwecho nzeru inawabwerera kuchokera m'mawondo.

"Wawa, Mwini Dziko. Maso anu sananame, dzinanso silinaname. Amene wanama ndi msika, chifukwa anthu osaphunzira amadula mawu panjira. Iwo akuti wagwa. Mawuwo sanathe, Mwini Dziko, atsala pang'ono kumapeto. Samagwa sanagwe. Wagwada."

"Wagwada?"

"Wagwada, Mwini Dziko. Mwana woleredwa bwino uja, ali pakati pa nkhondo, anakumbukira kuti malume ake ali pomwepo. Anasiya zonse n'kupita pansi kukupatsani ulemu. Osati kamodzi. Katatu!"

Nkhope ya Mfumu inayamba kusungunuka. "Koma kachitatu kaja anagona chagada, miyendo m'mwamba."

"Umenewo ndiye ulemu wa makolo weniweni, umene achinyamata a lero anautaya. Ngakhale mapazi ake anafuna akuoneni."

Nduna zinaomba m'manja. Nduna ya zamaphunziro inapukuta msozi n'kulonjeza kuti nkhaniyi ilowa m'mabuku a sukulu.

"Nanga wamatumba uja?" inafunsa Mfumu.

A Mwanenadi anapukusa mutu mwachisoni. "Ndikuopa kunena, Mwini Dziko. Ndime khumi ndi ziwiri, munthu ali njo, chiimire pamaso panu. Bondo osapinda ngakhale limodzi. Ife pom'patsa naini tinachita kum'chitira chifundo."

Madzulo a tsiku lomwelo ng'oma zinalira m'misika yonse, ndipo wolengeza anawerenga lamulo latsopano. Kuyambira lero, m'bwalo la nkhonya mulibe kugwa, muli kugwada. Amene wayamba kufika pansi, n'kutsika kwambiri, n'kukhalitsapo, ndiye mwini teni. Amene watsala chiimire achotseredwe pointi chifukwa cha mwano. Ndipo pofuna kutseka pakamwa pa anthu okayika, Samagwa ndi Bizwiki Kamtedza adzakumananso mwezi ukaoneka, pansi pa lamulo latsopanoli.

Msika unalandira lamuloli ndi manja awiri. Chidakwa china chitapezeka m'ngalande m'mawa, anthu anati asachidzutse, chili pa ulemu. Mayi wina anakadandaula kwa mwini nyumba kuti khoma la bafa lagwada. Ana olephera mayeso anauza makolo awo kuti agwadira aphunzitsi.

"Dziko lonse laphunzira mwambo," anatero a Chikapa. "Yatsala mitengo ya zinthu yokha. Imeneyo ndiye yamwano, siigwada."

Bizwiki atadutsa pashedipo, a Chikapa anasiya munthu mutu uli wometa theka n'kumuthamangira. "Nyundo! Tikubweratu tonse, msika titseka. Mukam'gwaditsenso mwana waulemu uja. Ulendo uno kanayi, amalume ake akhute."

"Nanga si ndiye kuti ndaluzanso, a Chikapa?"

"Aaa, zimenezo ndi za oweruza. Ife tikubwera ndi maso athu."

Bizwiki anaseka nawo, koma kunyumba sanaseke. Anali atachokera kwa dokotala, ndipo dokotala sanazungulire: chibakera chimodzi chabwino pa diso limenelo, ngakhale cha munthu wofooka, lidzazima osayakanso. Mkazi wake Nangondo anali atamva zonse. Anali kuchapa pakhonde, ndipo analankhula osadzutsa mutu.

"Bambo a Tiyamike, lamulo lija mwalimva bwino?"

"Ndalimva. Ndi zamisala."

"Ndi zamisala, inde. Koma akuti woyamba kufika pansi. Sananene kuti akhale mphwake wa munthu."

Bizwiki anamuyang'ana ndi diso labwinolo. "Ukuti ine ndikagone pansi? Pamaso pa msika wonse? Nangondo, ine chiyambire sindinadzigwetsepo dala."

"Ndikudziwa. Ndine ndakhala ndikukuthowani ndi madzi otentha zaka zonsezi, ndiye musandiuze. Mukakamenya, mukaluza, ndipo mwina mukabwera ndi diso limodzi. Mukakagwada, mukabwera ndi lamba ndi maso onse awiri. A Chikapa akakunyamulani pamapewa tsiku limodzi. Wokutsogolerani ndi ndodo moyo wonse ndine."

Bizwiki anaimirira. Anatuluka kukakhala kuseri kwa nyumba, n'kumatseka diso lamanja ndi chikhato kuti aone chimene chatsala ku linzakelo. Anaona mtengo wa papaya ngati munthu woima m'utsi. Ankaufuna lamba uja, ankaufuna moti mtima unkachita kuwawa. Ndipo anachita mantha, chinthu chimene sanachiuzepo munthu.

Kunyumba yachifumu nako kunali kukonzekera. Aphunzitsi a Samagwa anapeza vuto limene palibe analiganizira. Mnyamatayo, pobadwira m'nyumba imene anthu amabwera kudzagwada, anali asanagwadepo chibadwire. Anayesa kumuphunzitsa, koma mimba inkafika patsogolo, mawondo n'kukana. Pomaliza anagwirizana zosavuta. Wamatumba uja adzamenya monga mwa khalidwe lake loipa, ndipo bwana adzafika pansi mofulumira ngati ulendo watha.

Tsiku linafika. Msika unatsekadi. Anthu anadzaza mpaka pamwamba pa mpanda, akuimba dzina la Nyundo motsitsa, milomo yokha ikuyenda. Lamba anamuika patebulo pafupi ndi Mfumu, akunyezimira padzuwa. Oweruza anakhala m'mipando yawo, misana ku bwalo.

Belu linalira. Samagwa anabwera pakati, anatseka maso, n'kupereka chibwano.

Bizwiki anakweza dzanja lamanja. Anthu anaimirira. Chibwano chinali pomwepo, poyera, ngati dzungu pa thandala. Anayang'ana kumpanda kumene kunali a Chikapa ndi anthu a msika. Anayang'ana Nangondo, amene anali atagwira chitenje kukamwa. Kenaka anayang'ana patebulo paja. Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa Mfumu, anapinda bondo limodzi, linzake, n'kugona chafufumimba, chipumi pansi.

Samagwa anadikira nkhonya, osafika. Anatsegula diso limodzi, n'kupeza mnzake ali pansi.

"Iwe! Dzuka!" ananong'ona. "Dzuka undimenye!"

Bizwiki anangoti phee.

"Chonde, achimwene, kamodzi kokha. Pang'ono pokha, ndigwa ndekha."

Kukona kwa Samagwa aphunzitsi anali kukuwa, "Igwani, bwana! Igwani!" Wina anakumbuka asilikali n'kukonza msanga, "Gwadani, bwana!" Samagwa anayesa kupinda mawondo, anafika theka, kabudula n'kulira kumbuyo. Anaimiriranso atagwira pong'ambikapo, akuzungulirazungulira pakati pa bwalo, yekhayekha chiimire pamaso pa malume ake.

Refa anasowa chochita. Kuwerenga kunali koopsa, kusawerenga kunalinso koopsa. Anayamba ndithu, koma motsitsa, akuyang'ana kwa a Mwanenadi. A Mwanenadi nawo thukuta linali kamukamu, maso ali pankhope ya Mfumu, kudikira kuti ikwinyike kuti apeze mawu ena odula kapena otalikitsa. Anali ataganiza kale zonena kuti wamatumbayo sanagwade, wangogwa.

Koma nkhope ya Mfumu sinakwinyike. Inawala. Mfumu Nditamandeni inali itagwadiridwa ndi nduna, ndi akazi ake, ndi anthu ofuna maudindo, koma inali isanagwadiridwepo ndi munthu amene akanatha kuswa chibwano cha m'banja lake n'kusankha kusatero. Inaimirira, misozi ili m'maso.

"Taonani!" inafuula. "Nyundo yagona pamapazi anga! Nanga uyu waimayu ndi mwana wa yani?"

Zinathera pomwepo. Refa anamaliza kuwerenga mothamanga ngati akuthawa mvula. A Mwanenadi anaimirira n'kulengeza kuti oweruza onse atatu agwirizana, ndipo anaona kuyambira kale kuti Bizwiki Kamtedza ndi katswiri wosowa, teni kwa eyiti. Mfumu inam'manga lamba ndi manja ake. Lambayo anali wamkulu kwambiri, moti Bizwiki anachita kumugwirizira ndi dzanja kuti asatsike.

Asilikali anayang'ana anthu, anthu anaomba m'manja. Pachipata panalibe womudikira kupatula Nangondo. Anayenda awiriwiri mpaka kunyumba, ndipo mkaziyo anali wokondwa, osabisa. Ine sindimuda Nangondo. Anapempha mwamuna wa maso awiri ndipo anam'peza.

M'mawa mwake Bizwiki anavala lamba uja pamwamba pa malaya n'kupita kumsika. Anaganiza kuti mwina dzulo anthu anathamangira mvula, ngakhale kunalibe mtambo. Atalowa pachipata, phokoso la msika linatsika. Mayi wa tomato amene anavina tsiku lija anamuona, anapukuta manja, n'kugwada. Wogulitsa makala anavula chipewa n'kugwada. Anzake onyamula matumba, anthu amene ankadya naye chinangwa m'mbale imodzi, anatula katundu n'kugwada, maso pansi. Palibe anamunyoza. Anam'patsa ulemu wonse umene amapatsa akunyumba yachifumu, ndipo unamuwawa kuposa nkhonya iliyonse imene analandirapo.

Anafika pashedi ya a Chikapa. Mkuluyo anaika lumo pambali, anagwira mpando, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mawondo ake okalamba anafika pafumbi.

"Wawa, bwana katswiri."

"A Chikapa, dzukani. Ndine Bizwiki."

"Tikudziwa, bwana. Tinalipo."

Pamenepo Bizwiki anapsa mtima. Analankhula mokweza kuti msika wonse umve. "Mukundiweruza chiyani inu? Diso ndi langa, si lanu! Inu mumagwada tsiku lililonse. Msilikali akadutsa mumagwada. Wamsonkho akabwera mumagwada. Galimoto ya nduna ikadutsa, ngakhale muli dalaivala yekha, mumagwada. Ine ndagwada kamodzi kokha moyo wanga wonse. Kamodzi!"

A Chikapa anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo nthabwala zija zinali zitawathera.

"Mwanena zoona, mwana wanga. Ife timagwada tsiku lililonse," anatero. "N'chifukwa chake tinkatseka msika kudzaonera inu."

Anadzuka movutikira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kuitana wotsatira kuti akhale pampando.